Kusudzula Alamu ku Bolton

Mzinda umene achimwene anga anafera sindiutchula, ndipo ndikauona pa chikwangwani cha pasiteshoni ndimayang'ana pansi. Anapitako kukachita maphunziro a kuntchito, oti madzulo abwerera. Masana anatuluka kukagula chakudya, ndiye chigawenga china chinalowetsa galimoto m'gulu la anthu oyenda pansi. Sichinkawadziwa, iwonso sankachidziwa. Mabanja amene analira tsiku limenelo si lathu lokha, koma ine wanga anali mmodzi yemweyo, amene anandilipirira sukulu ya unesi n'kudzandiitana kuno ku Mangalande.

Anasiya mkazi ndi mwana wamkazi m'nyumba ya lendi ku Bolton, nyumba zija zogundana makoma, zoti woyandikana naye akatsokomola iwe umati pepani. Ine ndimakhala ku Sheffield, ndine nesi pachipatala. Mkaziyo ndi alamu anga. Amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pampando. Ndi munthu wofatsa mopitirira muyeso, woti ukawaponda phazi amayamba ndi iwo kupepesa. Ine sindinabadwe choncho ayi. Achimwene ankati pakamwa panga panamera tsabola wa kambuzi, ndipo sankanama.

Thupi linakhalitsa m'manja mwa apolisi. Pamene ankatipatsa, tonse tinali titatheratu, komanso mapepala a alamu okhalira m'dziko muno anali pakati pokonzedwa, moti akanatuluka sakanaloledwa kubwerera. Tinaika maliro ku Bolton konko, mvula ikuwaza, anthu a mpingo wathu wa Amalawi akuimba mano akugundana ndi chisanu. Amalume, mlongo wawo wa malemu amayi athu, anaonera zonse pafoni ali kumudzi ku Ntcheu. Iwo ndiye anali mwini mbumba, kutanthauza kuti kwathu kunalibe nkhani ya ukwati kapena ya maliro imene inkatha iwo asanaikepo mawu. Zinawapweteka kwambiri kuti mwana wa mlongo wawo wagona m'dziko la eni. Titachoka kumanda anatiuza kuti, "Dothi sindinathire, koma kusudzula ndidzasudzula ndekha. Ndibwera."

Kwathu mkazi akafedwa mwamuna amavala zakuda, ndipo amakhalabe m'manja mwa akuchimuna mpaka tsiku limene abale a mwamunayo adzakhale pansi n'kumuuza pamaso pa mboni kuti wamasuka. Ndiko kusudzula kumeneko. Tsikulo lisanafike, za chuma cha malemu sakamba, zovala zake sagawa, ndipo namfedwa sayamba yekha nkhani iliyonse yokhudza zimene mwamuna wake wasiya. Kumudzi zimenezi sizichedwa, chimanga chikangolowa m'nkhokwe anthu amakumana zonse n'kutha. Koma pakati pa Ntcheu ndi Bolton pali viza. Amalume anayesa, anawakana. Atati ayesenso, matenda a shuga anawagwetsa. Zaka zinayamba kudutsa, kenaka tsiku lina tinangolandira foni yoti atisiya. Anapita ndi mawu awo aja asanawanene.

Nthawi ya maliro ija tinamva kuti boma limapereka chipukuta misozi kwa mabanja a anthu ophedwa ndi zigawenga, koma banja limayenera kupempha lokha, ndipo pali nthawi imene anaika, ikadutsa ndiye kuti chitseko chatsekedwa. Ine ndinamva n'kutseka pakamwa. Ndili mtsikana ndinaonapo akuchimuna akukolopa nyumba ya mayi wina wamasiye pafupi ndi kwathu. Anatenga mipando, mbale, njinga, mpaka kuzula chitseko, mayiyo n'kumagona ndi ana ake kuseri kwa chiguduli. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ine sindidzakhala mlamu wotero. Tsono kuno ku Mangalande wakuchimuna yense anali ine ndekha. Ndikanangoti, "Alamu, za ndalama zija zili pati?" ndiye kuti ndasanduka anthu aja ozula chitseko. Ndinkawapititsira mpunga wa Kilombero ndikaupeza, ndinkagulira mwana nsapato za kusukulu, koma liwu loti ndalama za achimwene silinatuluke pakamwa panga. Mumtima ndinkati alamu ndi munthu wodziwa Chingerezi, anapempha kalekale, ndipo akusungira mwana.

Duku lakuda sanavule. Ankalimanga m'mutu ngakhale atavala yunifolomu, akuluakulu a kuntchito kwawo n'kumayesa ndi zachipembedzo. Ndinkawaseka kuti, "Alamu, dukuli lidzamera mizu." Iwo ankangomwetulira n'kunditsirira tiyi. Jekete la achimwene, labuluu lija ankapita nalo kutchalitchi, linali pamsomali kuseri kwa chitseko chakumaso, moti ukamalowa linkakukhudza paphewa. Mwana anakula, anandipitirira msinkhu, jeketelo lili pomwepo.

Nkhani inatulukira pa nthawi ya tiyi kuntchito kwathu. Ndimagwira ntchito ndi nesi wina wa ku Zambia, mnzanga wa pamtima, ngakhale timangokhalira kukangana kuti akulankhula chinenero chokhota ndani. Tsiku limenelo anandisonyeza foni yake.

"Mwaona iyi nkhani? Boma yawonjezera nthawi. Ati mabanja amene anachedwa kupempha chipukuta misozi angapemphe manje, malinga afotokoze chimene chinawachedwetsa."

Ndinati, "Awathandiza anzathuwo. Ife zathu zinatha kalekale."

"Munafunsa?"

"Zimenezo safunsa."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kupitiriza kutakasa tiyi wake. Koma funso lakelo linakwera nane thiramu, kasitima ka m'tauni, linakwera nane chitunda cha kwathu, linakalowa nane m'nyumba. Ndinayamba kukumbukira nsapato za alamu zong'ambika kuchidendene, hita yotenthetsera m'nyumba imene ankayatsa ndikafika ine basi, ndi mashifiti aja ankaonjezera chaka ndi chaka osapuma ngakhale pa Khirisimasi. Munthu wosungira mwana amadzimana, inde, koma osati mpaka pamenepo.

Loweruka m'mawa ndinakwera sitima. Ananditsegulira ndi mwana, amene amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi. Anandiuza kuti mayi ake ali pabalaza, iye n'kukwera kuchipinda kwake. Ndinawapeza alamu atagona chagada pakapeti, miyendo atayika pampando.

"Alamu, mwayamba masewera olimbitsa thupi?"

"Ndi msanawu, alamu. Ndikagona pansi umakhalako bwino. Dikirani ndidzuke ndikuikireni madzi."

Kudzuka kwake ndinakuona ndi maso anga a unesi. Anayamba atembenukira kumbali, n'kugwada, n'kugwira mwendo wa tebulo, milomo atailuma. Ndinawafunsa zimene adokotala ananena. Anati anawauza kuti akapanda kusiya kunyamula anthu, tsiku lina adzafuna wowanyamula ndi iwo. Ndinafunsa kuti nanga bwanji osachepetsa mashifiti. Anati lendi sadziwa msana.

Pamenepo ndinaphwanya lumbiro langa. Mawu anatuluka movuta ngati ndikumeza mankhwala owawa.

"Alamu, mundikhululukire. Sindikufuna kanthu, Mulungu ndi mboni. Chipukuta misozi cha boma chija munalandira?"

Anaika ketulo pansi pang'onopang'ono. "Ndikanalandira bwanji inu osadziwa?"

"Munapempha koma?"

"Ndinawaimbira amalume makalata a boma atafika. Anati misozi isanaume sitikamba za ndalama, zidikire abwere adzandisudzule, kenaka tidzakhale pansi. Ndiye ndinadikira."

"Nanga atamwalira?"

"Nthawi inali itadutsa kale. Komanso inu simunanene kanthu, ndiye ndinati kapena akuchimuna anagwirizana kuti zimenezo zisiyidwe."

Ndinakhala pansi. Zaka zonsezo iwo ankadikira kuti ine ndiyambe, poti namfedwa sayamba. Ine ndinkadikira kuti iwo anene okha, poti mlamu wabwino safunsa. Tinkapatsana ulemu uku ndi uku, tiyi tikumwa, msana wa munthu ukutha. Zinandiwawa koopsa, ndipo ine zikandiwawa ndimakalipa.

Ndinawauza kuti boma la kuno silidziwa amalume, silidziwa kusudzula, limangofuna mkazi wa malemu apemphe basi. Ndinawauza kuti nthawi yawonjezedwa, koma si yamuyaya, nyengo yozizira ikamatha chitseko chitsekedwanso, ndipo kachiwirika palibe adzatimvere chisoni. Ndinati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinati Lolemba lomweli tipite kwa anthu amene amathandiza mabanja otere.

Anandisiya ndimalize, kenaka anati, "Boma silidziwa amalume, koma ine ndimawadziwa. Anandiuza kuti ndidikire. Ndipite ndi duku ili m'mutu kukatambasula dzanja chifukwa cha magazi a achimwene anu? Kumudzi akamva adzati chiyani? Adzati mkazi uja anadya mwamuna wake."

"Kumudzi ndani akukulipirirani lendi? Amene adzalankhulewo anabwerapo kudzakusisitani msana?"

"Musakweze mawu, alamu, makomawa ndi opyapyala."

"Amve. Mwina iwo akuuzani zanzeru."

Anandipatsa kapu ya tiyi ndi manja awiri monga mwa nthawi zonse, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kuposa akanandibwezera mawu. Ndinabwerera ku Sheffield madzulo omwewo ndisanadye.

Mlungu wonse ndinkaganiza kuti angasudzule ndani. Amayi kulibe, amalume kulibe, mchimwene wina tilibe. Kumudzi kunatsala asuweni apatali, anthu oti ukangowatchulira ndalama za boma la Azungu, mawa lake aliyense akumbukira kuti malemu anali ndi ngongole yake. Nditawerenga bwinobwino ndinapeza kuti wamkulu wa mbumba amene watsala ndine. Ndinaseka ndekha m'khitchini. Ine, wa pakamwa pa tsabola, kukhala pampando wa amalume. Koma ndinawaimbira alamu n'kuwauza kuti ngati vuto ndi kusudzula, ndiwasudzula ine.

Anati aganize. Mlungu wotsatira anati ali ndi mashifiti ambiri. Wotsatirawo anati achimwene awo a ku Balaka, amene anayenera kuimira akuchikazi, foni yawo yawonongeka. Kenaka anati tidikire mwana alembe mayeso. Masamba anayoyoka m'mitengo, Khirisimasi inadutsa, chisanu chinafika pachimake. Ine ndinkaimba, ndinkakalipa, ndinkanyengerera, mpaka tsiku lina ndinawauza kuti kufatsa kwawoko ndi nkhanza. Anati, "Pepani, alamu." Ndinadula foni mokwiya.

Msana sunadikire kuti timvane. Tsiku lina m'mawa ali kuntchito, akuthandiza agogo ena kuchoka pabedi, anangomva kuti phwa, n'kugwada pomwepo osathanso kuimirira. Anagona kuchipatala masiku angapo, kenaka anawatulutsa n'kuwauza kuti akapume kunyumba. Ndinatenga tchuthi n'kupita kukakhala nawo.

Munthu amene wasambitsa anthu a eni zaka zonsezi anachita manyazi kuti ndimusambitse. Ndinati, "Alamu, matupi ndaona ambiri, lanuli silidabwitsa aliyense, khalani pampandopo." Ndinawathira madzi ofunda kumsana. Anali ataonda, mafupa a mapewa ali poyera. Duku lokha anakana kuvula, analigwira ndi dzanja limodzi kuti lisanyowe. Ndinkawapaka sopo mwakachetechete, poti ndinali nditatopa nako kukalipa. Ndiye iwo anayamba okha, nkhope atayang'anitsa kukhoma.

"Alamu, mukandisudzula, ndidzakhala ndani wanu?"

Ndinasiya kupaka.

"Kumudzi munthu akasudzulidwa amabwerera kwawo, amakapeza amayi ake, abale ake, bwalo limene anakulirapo. Ine kuno ndibwerera kuti? Makolo anga anapita. M'dziko lonse lino, munthu amene amagogoda pachitseko changa osayamba waimba foni ndinu nokha. Mumabwera chifukwa ndine mkazi wa achimwene anu. Mukanena mawu aja, jekete lija mutenga, dukuli muvula, ndiye mudzabweranso kudzaona ndani?"

Apa m'pamene ndinadziwa kuti si amalume okha amene ankawagwira. Poyamba anadikira chifukwa cha mwambo, ndi zoona. Koma pamene ine ndinati ndiwamasula, anachita mantha, ndipo anali okonzeka kutaya chipukuta misozi kachiwiri, ndi msana womwe, kusiyana ndi kutaya ubale. Ndinalira m'bafa mmenemo, sopo ali m'manja. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda, chifukwa kumanda kuja ndinali wotanganidwa ndi kulandira alendo.

Nditapeza mawu ndinati, "Alamu, mwandinyoza. Mukuyesa ine ndimakwera masitima awiri, kuzizira konseku, chifukwa cha jekete? Chibale ndi fupa, sichiola. Mwana ali m'chipindamo ndi magazi anga. Inu munandiphikira phala nditachitidwa opaleshoni, achimwene ali kale kumanda. Mukufuna mundichotse ndi kandalama kamene timaika pambale posudzula? Simungathe, ine ndine nkhupakupa."

Anaseka pang'ono, msana n'kuwabaya, kuseka n'kuthera m'kubuula. Patapita nthawi anati, "Ndiye chitani. Koma muchite bwinobwino monga akanachitira amalume, osati zothamanga ngati mukubaya jakisoni."

Tinachita Loweruka masana, pabalaza pawo pomwepo. Tinaitana mkulu wina wa mpingo wathu ndi akazi awo kuti akhale mboni. Achimwene awo a ku Balaka anali pafoni, imene tinaitsamiritsa pa chitini cha shuga patebulo. Foni yawo inali yabwinobwino, ndipo ndinawayang'ana alamu ndi diso limodzi, iwo n'kuyang'ana pansi. Mwana anakhala pafupi ndi mayi ake. Alamu anafuna kukhala pansi monga mwa mwambo, koma msana unakana, ndiye anakhala pampando wa m'khitchini, manja ali pamaondo.

Ine ndinavala chitenje, n'kukhala pampando umene achimwene ankakonda. Mawu ake enieni sindinkawadziwa onse. Ndinatolera amene ndinamva ndili mwana pamene ankasudzula amayi athu, ena ndinaonjezera anga. Titapemphera ndinayamba, ndipo liwu langa, limene limamveka kumapeto kwa wodi, tsiku limenelo linali laling'ono.

Ndinati, "Alamu, ine ndaima m'malo mwa amalume amene anagona, ndi m'malo mwa mbumba yonse ya kwathu. Munatisungira mbale wathu ali moyo, munamulira atamwalira, munamulira mopitirira pamene tinayenera kukusiyani. Pa imfa yake mulibe mlandu. Sitikukufunsani kanthu, ngakhale supuni. Zonse zimene anasiya, ndi zonse zimene zingabwere chifukwa cha iye, ndi zanu ndi mwanayu, ndipo wina akadzalankhula kumudzi adzalankhule ndi ine. Kuyambira lero mwamasuka. Kumene mungafune kupita, pitani. Amene angakufuneni, ife sitidzaima panjira."

Ndinaika kandalama kachitsulo pambale yoyera n'kuwapatsa ndi manja awiri, chifukwa kwathu chizindikiro chake ndi chimenecho. Analandira. Achimwene awo pafoni anawomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza, mawu akudukaduka. Mkulu wa mpingo anati zamveka.

Kenaka ndinaimirira kuseri kwawo kuti ndimasule duku. Mfundo yake inali yolimba, ndinachita kuikanda ndi zikhadabo. Potsiriza linachoka. Ine ndinkakumbukira tsitsi lakuda bii, lambiri, limene achimwene ankanyadira pa zithunzi za ukwati. Limene ndinaona linali loyera mbuu mutu wonse, lopyapyala, pena khungu likuonekera. Munthu ameneyu analowa m'duku ali mayi wachitsikana, ndipo ndinamutulutsamo ali nkhalamba. Mwana anagwira mutu wa mayi ake, n'kunena m'Chichewa chake chopotoka kuti, "Amama, tsitsi."

Akazi a mkulu wa mpingo anawamanga duku lina lamaluwa limene anabwera nalo. Alamu anadzuka movutika, anakana kugwiridwa, n'kupita kuchitseko chakumaso. Anachotsa jekete lija pamsomali, analipinda pachifuwa pawo, n'kudzalipereka kwa ine, poti zovala za malemu zimapita kwa abale ake. Ndinafuna kukana. Anandiyang'ana, ndipo ndinakumbukira kuti ndinalonjeza kuchita bwinobwino. Ndinalandira. Ndinalinunkhiza mwakabisira kuti mwina ndimva fungo la achimwene, koma linkangonunkha anyezi wokazinga ndi chinyontho cha m'nyumba imeneyo. Pakhoma panatsala chithunzithunzi cha jeketelo, pamene penti sinasuluke.

Mlungu wotsatira, m'mawa, tinakwera basi kupita kwa anthu aja othandiza mabanja a ophedwa ndi zigawenga. Chisanu chinali chitayamba kuchepa, timaluwa tachikasu tikutuluka m'mbali mwa msewu, ndipo ine mtima unali m'mwamba poona kuti nthawi yatsala pang'ono. Alamu ankayenda ndi ndodo. Anatilandira mayi wina wachizungu m'kachipinda kofunda, munthu waulemu, wosathamanga. Anatiuza kuti tafika nthawi isanathe, koma sangalonjeze kanthu, chifukwa amene amagamula ndi ena, ndipo choyamba adzafuna kumva chimene chinatichedwetsa.

Taganizani kufotokozera Mzungu kusudzula. Alamu Chingerezi amachidziwa, koma tsiku limenelo chinawathawa, ndiye ndinkalankhula ndine. Ndinafotokoza za amalume, za viza, za namfedwa amene sayamba nkhani, za mlamu amene safunsa. M'Chingerezi zonsezo zinkamveka zopepuka, ngati nkhani ya anthu opanda nzeru, ndipo ndinayamba kukonzeka kumukalipira mayiyo akangoyerekeza kumwetulira. Sanamwetulire. Analemba zonse, n'kunena kuti si ife tokha, aliponso ena amene chisoni chinawamanga manja m'njira zawozawo, ndipo n'chifukwa chake nthawiyo inawonjezedwa. Ndinameza mawu anga.

Kenaka anati ayambe mafunso a pachiyambi, ndipo amenewo ayankhe mwiniwake. Anafunsa dzina, alamu anayankha. Anafunsa kumene amakhala, anayankha. Ndiye anafunsa kuti, "Malemuwa ndi ndani wanu?"

Dzanja la alamu linapita kumutu, linakhudza duku lamaluwa lija, n'kubwerera pandodo. Anatembenuka kundiyang'ana ine. Masiku ochepa okha m'mbuyomo ndinali nditawauza pamaso pa mboni kuti ukwati watha, amasuka. Anadikira zaka zonsezo kuti amasulidwe n'cholinga choti adzalowe m'chipinda chimenechi, ndipo chinthu choyamba chimene chipindacho chinafuna kwa iwo ndi kunena kuti ndi mkazi wa achimwene. Ankandipempha chilolezo ndi maso.

Ndinati, "Nenani, alamu."

Anawongola msana wawo wopwetekawo mmene akanathera. Sananene m'Chingerezi. Ananena m'Chichewa, momveka bwino, ngati akuyankha abusa tsiku la ukwati.

"Ndi amuna anga."

Mayi uja anandiyang'ana kuti ndimasulire, koma ine ndinali nditayamba kulira. Anadikira pang'ono, anayang'ana nkhope ya alamu, kenaka anawerama n'kulemba yekha. Anatikankhira bokosi la timapepala topukutira misozi pakati pa tebulo, ndipo tinagawana.

Yankho silinabwerebe pamene ndikulemba izi. Anati zimatenga nthawi, ndipo kudikira alamu amakudziwa kuposa munthu aliyense. Kuntchito anawapatsa zopepuka, zogawa tiyi ndi kucheza ndi okalamba, koma maola ndi ochepa, ndiye hita ija amayatsabe ndikafika ine. Jekete lili kwanga ku Sheffield, m'kabati, sindinapeze woti ndimupatse. Ku Bolton ndimapitabe osayamba ndaimba foni. Ndikamalowa, phewa langa limadzikonzekeretsa lokha kukhudzidwa, koma palibe chimene chimalikhudza. Msomali uja sanauzule, ndipo palibe amene amapachikapo kanthu.